Kagwape Komwe Ndinatola ku Damu

Ndikukumbukira tsiku limene ndinatola kamwana ka gwape mu udzu, m'paki ya damu lalikulu kunja kwa mzinda wa Brampton. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinali mwana uja ukamufunsa chavuta n'chiyani amangoti palibe, kwinaku ali ndwii. Chondivuta chinalipo ndithu. Ndinkafuna kubwerera ku Malawi, kuwasiya amayi anga ondibereka kuno ku Canada.

Amayiwo, a Nangozo, anandisiya ku Ntcheu ndili ndi zaka zitatu n'kubwera kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Anandilera ndi akulu awo. Kwathu mkulu wa amayi ako ndi amayi ako ndithu, ndiye ine sindinkadziona ngati wamasiye ayi. Ndinali ndi amayi aakulu ondisambitsa, ondikalipira, ondifunditsa kukazizira, komanso amayi ena okhala mu foni, amene mawu awo ankabwera Lamulungu masana, odukaduka, kundifunsa ngati nsapato zandikwana. Mapepala atatheka anandikweza ndege. Palibe anandifunsa maganizo, paja mwana safunsidwa.

Ndinafika pakati pa nyengo yozizira. Mitengo yonse inalibe tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti inauma, kumangodabwa kuti anthu a kuno ndi aulesi bwanji osaidula nkhuni. Tinkakhala m'chipinda cha pansi pa nyumba ya eni ake, chomwe kuno amati besimenti, zenera lake loonetsa nsapato za anthu odutsa basi. Amayi ankalawirira kukakwera basi, kenako sitima, kupita ku Oakville kumene ankasamalira gogo wina wachizungu. Ine mwano sindinkachita. Ndinkachita choposa mwano: ndinkawalemekeza ngati mlendo. Kulandira mbale ndi manja awiri, kuthokoza, kutsuka ziwiya osatumidwa, koma iwo akakhala pampando uwu ine ndinkakhala pa uwo. Tsiku lina ndinawauza mosapita m'mbali kuti andibweze kwa amayi anga. Ndinanenadi choncho, kwa amayi anga. Iwo anayankha kuti, "Maliza kaye sukulu. Ikatsekedwa, ukadzafunabe kupita, sindidzakukaniza."

Kutatsala milungu yochepa kuti sukuluyo itsekedwe, Amalawi a kutchalitchi kwathu anakonza zokaotcha nyama ku damu. Magalimoto anachokera ku Brampton konkuno, ena ku Oshawa, odzaza ndi makala, mipando yopinda, mandasi ndi ana. Ine ndinapita mokakamizidwa. Koma tili m'njira ndinayamba kusuzumira pazenera, chifukwa mitengo yanga youma ija inali itadzuka yonse. Kubiriwira kwake kunali kothobwa m'maso, ngati wina wakhuthulira utoto dziko lonse.

Nditatsika m'galimoto ndinangoti kakasi. Kwathu ku Ntcheu n'kumapiri, madzi ochuluka omwe ndinali nditawaonapo anali a kudambo mvula ikakwiya. Apa panali madzi oti maso amatopa asanafike kutsidya, obiriwira m'mphepete, akuda pakati, akuthwanima ngati malata atsopano. Atandiuza kuti si nyanja ya Mulungu koma anthu ndiwo anatseka mtsinje ndi chikhoma cha simenti kuti madzi asamasefukire m'midzi, ndinakana. Anachita kundilozera chikhomacho, chili poteropo, anthu akuyenda pamwamba pake akuoneka ngati nyerere. Timabwato tofiira ndi tachikasu tinkayandama mwakachetechete. Ana ankasambira, ndipo ine ndinafunsa ngati ng'ona zimadziwa kuti lero ndi Loweruka. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, eti kuno kulibe ng'ona ndi imodzi yomwe.

Chomwe chinandizunguza mutu kwambiri chinali nyama. Sizinkaopa munthu. Atsekwe akuluakulu a makosi akuda ankayenda pakati pa matebulo athu ndi anapiye awo pambuyo, monyang'wa, ngati eni malo obwera kudzaona amene alowa m'munda mwawo. Akamba a m'madzi anandandalika pa chipika akuothera dzuwa. Bambo Kamwendo, amene ankaotcha nyama ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka, anayang'ana tsekwe wina wonenepa n'kupukusa mutu, amvekere, "Iwe uthokoze viza ya makolo ako. Kwathu bwenzi uli mu mphika." Akulankhula choncho, chimbalame chonga nkhwazi chinaima m'mwamba pamalo amodzi, chikupiza mapiko, kenako chinapinda mapikowo n'kugwa ngati mwala. Madzi anangoti khuvu! Chinatuluka ndi nsomba m'zikhadabo, n'kudzikutumula chili m'malere, madontho akugwa ngati mikanda. Ndinayang'ana anthu kuti aona zimenezi kapena ayi. Iwo ankakangana za mchere.

Amayi anali atandimangirira chitenje pamwamba pa jinzi kuti ndizithandiza kudula anyezi. Anyeziwo anandikwana msanga. Ndinazemba n'kutsata kanjira kolowera m'nkhalango, kutsatira mphepete mwa madzi. Phokoso la anthu linatsala m'mbuyo. Munali fungo la masamba onyowa ndi utomoni, ndipo mbalame zinkaimba nyimbo zomwe sindinkazidziwa ngakhale imodzi. Pamalo pena mitengo inatha, panali kabwalo ka udzu wofika m'chiuno. Ndinapatuka kuti ndithyole duwa loyera, ndipo pang'ono n'kanakaponda.

Kanali katadzipinda pansi, khosi katalitambasula pa udzu, makutu atagona kumbuyo. Ubweya wake unali wofiirira, wa madontho oyera ondandalikana kumsana ngati wina wawadontheza ndi chala. Maso anali otseguka, aakulu, akuda, onyowa, ndi zikope zazitali. Sikanaphethire n'komwe. Chinkayenda ndi nthiti zokha, kukwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Nyamayi kuno ili ndi dzina lake, koma ife tinkangoti gwape. Ndinagwada. M'moyo wanga ndinali ndisanaonepo chinthu chokongola choncho, ndipo ndinachita mantha ngati ndalowa malo oletsedwa.

Ndinaimirira n'kuunguza mbali zonse. Udzu, mitengo, madzi. Mayi wake kunalibe. Ndinadikira pang'ono, kenako mtima unayamba kutentha. Chomwe chinachitika ndinachidziwa nthawi yomweyo, nanga akanachidziwa kuposa ine ndani? Kamwanaka kanasiyidwa. Ndipo kwathu mwana wosiyidwa sam'lambalala. Ine ndinayamba kubereka ana a anthu kumbuyo ndisanayambe n'komwe sukulu, ndiye manja anangochita zomwe ankadziwa. Ndinamasula chitenje, ndinakanyamula. Kanali kopepuka ngati nkhuku, miyendo yake yaitali ikulendewera. Kanalira kamodzi, kaliwu koonda, kenako kanati zii. Ndinawerama, ndinakaika kumsana, ndinapinda miyendoyo bwinobwino n'kumanga mfundo pachifuwa. Njira yonse yobwerera ndinkamva kamtima kake kakugunda pamsana panga, mothamanga kuposa wanga.

Nditatulukira pamatebulo paja, oyamba kundiona anali Anti Esnati, mayi wa ku Chipata amene ankapemphera nafe. Anaponya supuni pansi.

"Iwe mwana! Wapapa chani kumbuyoko? Bwerani muone, wabereka nyama!"

Anthu anandizungulira. Ana obadwira kuno ankakuwa m'Chingerezi, ena kufuna kukagwira, ena kubisala kumbuyo kwa amayi awo. Bambo Kamwendo anabwera ndi foloko yawo m'manja, amvekere ndiwo zabwera zokha ndi chitenje chomwe, kenako anatsitsa mawu n'kuti koma tichenjere, kuno angatifaine tonse. Azimayi anawazazira kuti achoke ndi foloko yawoyo. Nditafotokoza kuti ndakapeza kokha, Anti Esnati anagwira pachifuwa.

"Mayo ine, kamasiye! Wachita bwino mwanangu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndani ali na botolo? Tikamwetse mkaka."

Kuyambira pomwe ndinatsika ndege, ndinali ndisanamvepo kukoma ngati nthawi imeneyo. Aliyense ankanditamanda kuti ndaleredwa bwino. Ndinali nditayamba kale kulingalira pomwe kazigona mu besimenti muja.

Amayi anabwera pomalizira, akupukuta manja. Sanaseke, sanandiyamikire. Anasuzumira kumbuyo kwanga, anayang'ana m'maso mwa kagwapeko, anakagwira pamimba ndi chala chimodzi.

"Tiyamike, wakatenga pati kameneka?"

"Mu udzu uko. Kanali kokha."

"Sikali kokha. Kakhuta aka. Amake ali pafupi. Tiye ukakabweze pomwepo."

"Ndayang'ana konse. Akathawa."

"Sanakathawe. Akabisa."

Mawu anatuluka okha, momveka bwino, pamaso pa mpingo wonse. Ndinati, "Inu munganene choncho. Zosiya ana inu munazolowera."

Panagwa bata loti ndinkamva mafuta akudontha pamakala. Kwathu mwana wolankhula choncho mbama imam'peza asanatseke pakamwa, ndipo Anti Esnati anali atakweza kale dzanja. Amayi anawagwira mkono. Nkhope yawo sinasinthe. Anangoti, "Musiyeni, asisi. Tiyamike, tsogola ukandisonyeze malowo."

Tinayenda ine patsogolo, iwo pambuyo. Tili m'nkhalango anayamba kulankhula, osati monyengerera, koma ngati akuuza mitengo. Anati kuseri kwa nyumba ya gogo wa ku Oakville uja kuli chigwa, ndipo chaka chilichonse nyengo ngati ino gwape amadzasiya mwana pansi pa maluwa. Iwo ankamuonera pazenera akudyetsa gogoyo phala, ndipo chaka choyamba nawonso anafuna kuthamangira panja ndi bulangete, gogoyo ndiye anawaletsa. Kamwana kongobadwa kumene miyendo yake siitha kuthawa, koma kalibe fungo, ndipo kakagona phee chilombo chimadutsa pafupi osakaona. Mayi ndiye ali ndi fungo. Akakhala pambali pa mwana, ankhandwe a kuno, aakulu ngati agalu, amatsata iyeyo n'kupeza mwanayo. Ndiye amachoka dala, kukadya kutali kuti mkaka ubwere, n'kumadzayamwitsa mwa apo ndi apo.

Ine ndinapitiriza kuyenda. Koma mfundo ya chitenje ija inayamba kundithina pachifuwa.

Malowo tinawapeza mosavuta, udzu unali udakali wophwatalala mozungulira ngati nkhata. Amayi anandimasula okha. Anazula udzu wodzaza dzanja n'kukapukuta thupi lonse kuti fungo langa lichepe, kenako anakaika pansi. Kanaimirira njenjenje n'kufuna kunditsata. Iwo anaika chikhato pamsana pake n'kukanikiza pang'ono, ndipo kanadzipinda n'kugona monga ndinakapezera.

"Nanga akapanda kubwera?" ndinafunsa. "Poti ndakagwira?"

"Sindikudziwa, mwanawe. Tidikira. Akapanda kubwera tikauza eni paki."

Tinakwera kachitunda kena chapatali, komwe mphepo inkachokera ku udzu kuja kubwera kwa ife, n'kubisala pansi pa mitengo ya paini. Panali miyala iwiri yotalikirana. Amayi anakhala pa wina, ine pa wina.

Dzuwa la kuno m'nyengo yotentha silifulumira, limangoti tsonga kumwamba ngati laiwala njira. Tinakhala, kukhala, kukhala. Kuchokera pachitundapo damu lonse linkaoneka, mphepo ikulemba mizere pamadzi n'kuifufutanso. Chimbalame chotuwa cha miyendo yaitali chinaima m'bango osagwedezeka, moti ndinayamba kukayika ngati n'chamoyo. Kumatebulo kuja anayamba kuimba kolasi, mawu akufika modukaduka pamodzi ndi fungo la nyama. Njala inandigwira, udzudzu unandidya. M'mtima mwanga munali nkhondo. Ndinkafuna gwapeyo asabwere, kuti mpingo wonse udziwe kuti ndinanena zoona. Komanso ndinkafuna abwere, ndinkafunitsitsa, chifukwa akanapanda kubwera ndiye kuti kamwana kaja ndakapha ndine ndi chifundo changa. Nthawi zina ndinkaba maso kuyang'ana amayi. Anali atavula nsapato, akakolo otupa, manja ali pamiyendo. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Mmene mayi wa kagwapeko anafikira sindinaone. Pomwe ndinkaona ngati ndi mthunzi wa mtengo panagwedezeka khutu, ndipo mthunziwo unasanduka gwape. Anali wamtali kuposa mbuzi iliyonse ya kwathu, wofiira ngati dothi la katondo, woonda m'nthiti, bere lokha lili lodzaza. Anatuluka m'mitengo mwendo umodziumodzi, akuuika pansi ngati nthaka ndi yotentha. Tsitsi linandiimirira. Chinyama chonsecho chinali pomwepo nthawi yonseyi, mwina chinandiona ndikunyamula mwana wake, ndipo ine ndi maso anga awiri ndinalumbira kuti kulibe.

Koma sanapite pomwe panali mwanayo. Anaima patali, m'mphepete mwa udzu, mphuno m'mwamba, makutu akutembenuka uku ndi uku.

"Bwanji sakupita kukamutenga?" ndinanong'ona.

Amayi anangokweza chala.

Gwape uja anatsitsa khosi n'kutulutsa kaliwu kapansipansi, kochokera m'mimba, koti ukanakhala ukutafuna sukanakamva. Udzu unangoti zii. Anadikira, n'kuitananso. Palibe chinagwedezeka. Anapondaponda pansi ndi mwendo wakutsogolo, anayang'ana kunkhalango ngati akufuna kubwerera, koma sanabwerere, ndipo sanasendere pafupi. Anaima pomwepo n'kumaitana. Ine zikhadabo zinali zitalowa m'zikhato. Ndinaganiza kuti kamwanako ndakasokoneza, kachita mantha, sikakudziwanso liwu la mayi wake. Mumtima ndinkakakalipira: dzuka iwe, dzuka, sukumva kodi, akufuna iweyo!

Kenako timakutu tiwiri tinatulukira pamwamba pa udzu. Kanaimirira, kanadzandira, kanalira kaliwu koonda kaja, n'kuyamba kuthamanga, kuthamanga kwake kogwa n'kudzuka, miyendo ikupita kwina thupi kwina. Katafika, mayiyo anakaimitsa ndi mphuno. Anakanunkhiza kumutu, kumsana, m'mimba, nthawi yaitali, ndipo ndinadziwa kuti akumva ineyo, thukuta langa, sopo wa chitenje, utsi wa makala. Ndiye anatulutsa lilime n'kuyamba kukanyambita, mwamphamvu, moti kankapepesuka. Iko kanalowa pansi pa mimba n'kugunda bere ndi mutu, kamchira koyera kakupukusika ngati kachoka. Misozi inkangoyenderera m'masaya mwanga, ndipo sindinaipukute poopa kugwedezeka. Katakhuta, mayiyo anatembenuka n'kulowa m'mitengo, iko kali pambuyo, ndipo nkhalango inatsekeka ngati sipanadutse kanthu.

Ndinkayembekeza kuti amayi anena kuti waona, ndimakuuza chiyani. Akanatero ndikanalimbanso mtima, ndimadzidziwa. Koma iwo, maso ali ku udzu konkuja, anati, "Iyeyu amabwera tsiku lomwelo. Ine ndinachedwa kwambiri, Tiyamike. Pamenepo sindingakunamize."

Sanadzuke kubwera kwa ine, sanatambasule manja. Anangokhala pamwala pawo, nsapato zili pambali, akudikira. Ndinayang'ana mpata womwe unali pakati pa miyala iwiriyo. Unali waufupi, woti mwana akhoza kuudumpha, koma manyazi ankandikokera pansi. Ndinadzuka mopepesuka. Ndinayenda mpaka kufika, ndinadzipanikiza pamwala pawo pomwe panalibe malo a anthu awiri, n'kutsamira phewa lawo. Ankanunkhira anyezi ndi utsi. Chomwe anachita n'kuyamba kundichotsa timbewu ta udzu m'tsitsi, kamodzikamodzi.

Sukulu inatsekedwa. Za ulendo wa ku Ntcheu palibe anazitchula, iwo ngakhale ine. Ndinganame nditanena kuti zonse zinatha tsiku lomwelo. Tinakanganabe zaka zambiri, amayi aakulu ndinkawasowa mpaka kudwala, ndipo ngakhale lero pali masiku omwe zaka zija zimandiwawa. Munthu si gwape, ndipo mwana wa munthu sagona phee mu udzu, amawerenga Khirisimasi iliyonse yomwe sunabwere.

Koma pano ndakula, ndili ndi wanga mwana, ndipo pali chimodzi chomwe ndikuchimvetsa. Ndinkaganiza kuti kudikira ndi ntchito ya wosiyidwa yekha. Sindinkadziwa kuti wobwerera naye amadikira, ndipo kudikira kwakeko n'kowawa mwa mtundu wina, chifukwa mwana amamuona ali apo koma sangam'tole ngati katundu. Amayi akanabwera kudzandikumbatira mwamphamvu miyezi yoyamba ija, ndikanawakankha, ndipo iwo ankadziwa. Anaima patali pomwe ndinawaika, n'kumaitana motsitsa mawu tsiku ndi tsiku, osadziwa ngati ndidzalizindikira liwu lawo. Mbali yawo anali atayenda kale yonse, kuwoloka nyanja ndi zaka. Kampata kotsalako sakanandiyendera ayi. Kanali koti ndidzuke ndekha.